Mmene mungamangire chipilala cha asilikali akwanu amene anatsala ku nkhondo

Ikafika Novembala timaonera pa TV akuluakulu a boma akuyala nkhata pa chipilala cha ku Area 18 chija, asilikali ataima njo, lipenga likulira, zikatha aliyense basi wabwerera ku zake. Ine ndakhala ndikuonera chonchi zaka zambirimbiri osaganizako n'komwe kuti kumudzi kwathu komwe, njira ya ku Mitundu uko, kuli anthu anapita ku nkhondo osabwerako ndipo alibe manda, alibe chiliza, dzina lawo palibe pomwe linalembedwa poti mwana wa m'mudzimo n'kuliwerenga. Alongo awo a agogo anga aakazi ndi mmodzi mwa iwo. Agogo mpaka tsiku lomwalira sankanena kuti anafa ayi, ankangoti "alongo anga anatsala ku Burma", ndipo akatero amayang'ana kumbali kenako n'kusintha nkhani.

Ndiye ife tinamanga kachipilala kathu pafupi ndi bwalo la a mfumu, si kakakulu, kamandifika pachifuwa basi. Anthu angapo akhala akundifunsa kuti tinayenda bwanji, nde ndati ndilembe zonse pamodzi ndi pomwe tinaphonya kuti inu musadzagwe m'dzenje lomwelo.

Yambani ndi maina, simenti ibwera pambuyo

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Anthu mukangotchula chipilala amathamangira kufunsa kuti matumba angati a simenti, njerwa zingati, mmisiri ndani, koma kumanga n'kwa masabata awiri pomwe maina angakudyereni chaka chathunthu. Ndipo amene akudziwa mainawo ndi nkhalamba zomwe zikutha tsiku ndi tsiku, mukachedwa mupeza zapita nawo kumanda.

Gulani kope lachikuto cholimba, tengani foni yoti ijambule mawu, muyende khomo ndi khomo. Osapita chimanjamanja, kashuga kapena kasopo kokha, ndipo osafika ndi mafunso ngati apolisi, khalani pamphasa muyambe ndi za mvula ndi za mbumba, nkhani ya nkhondo ibwera yokha. Funsani kwambiri azigogo aakazi. Kwathu kuno mbumba imayendera kuchikazi ndiye amene amasunga za alongo awo ndi atsibweni awo ndi amayi, abambo ambiri anali akamwini ochokera kwina. Pa munthu aliyense lembani dzina lake laubwana, dzina lomwe ankadziwika nalo atakula, dzina la bambo ake, mfunda wake, mudzi ndi mfumu yaikulu ya nthawi imeneyo. Zonsezi n'zofunika chifukwa azungu polemba usilikali ankangolemba chomwe amva, wina analembedwa dzina limodzi lokha, wina dzina la bambo ake, wina anasintha dala dzina pothawa msonkho kapena mlandu, ndipo l ndi r ankazisinthanitsa mmene afunira.

Nkhalamba sikuuzani chaka, musaivutitse. Ifunseni kuti inali nkhondo iti ndipo mawu omwe itchule akuthandizani. Ikati nkhondo ya Chiwaya kapena ya aJeremani ku Karonga, imeneyo ndi yoyamba, ya 1914 mpaka 1918. Imeneyi inafika pakhomo penipeni, pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Gwendolen inawombera sitima ya aJeremani ya Hermann von Wissmann panyanja yathu yomweyi, pa 9 Seputembala anthu n'kuphana ku Karonga, kenako anyamata anayenda wapansi kuthamangitsana ndi mkulu wa asilikali a aJeremani, von Lettow-Vorbeck, ku Tanganyika ndi ku Mozambique mpaka anakagonja ku Abercorn, komwe pano ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918. Ikatchula Hitler, Abyssinia, Somaliland, Madagascar, Ceylon kapena Burma, imeneyo ndi yachiwiri, 1939 mpaka 1945. Dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu lija linachokera komweko, kumalire a Kenya ndi Ethiopia komwe anyamata athu a gulu la nkhondo la King's African Rifles (KAR) analimbana ndi Mataliyana mu 1940. Ikati Malaya ndiye ndi za m'ma 1950.

Pemphani kuona zomwe zili m'masutikesi akale. Mudzadabwa. Ife nyumba ina anatitulutsira kachitini ka fodya kadzimbiri, mkati muli mamendulo awiri atakulungidwa m'kansalu, riboni yake itadyeka ndi njenjete, mayi wake wa nyumbayo ankangodziwa kuti "ndi za ankhondo" basi. Mendulo mukaipeza yang'anani m'mphepete mwake mozungulira, za nkhondo yoyamba zambiri zinadindidwa nambala, udindo ndi dzina la mwini wake, pomwe za nkhondo yachiwiri monga nyenyezi ya Burma Star zambiri zilibe dzina. Chonde osaikwecha ndi mchenga kapena phulusa kuti iwale, mufufuta zilembo zomwe mukufunazo. Ijambuleni pafoni mbali zonse muibweze kwa eni ake pompo, osabwereka, zinthu zobwereka zimasowa ndipo mudzadana ndi banja lonse.

Nambala ya usilikali ndiye golide. Mukakhala nayo pitani pa intaneti pa tsamba la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamala manda ndi maina a anthu ofera pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu zija, kufufuza n'kwaulere, bola bandulo. Lembani dzina kapena nambala, pa gulu la nkhondo musankhe King's African Rifles. Nambala zambiri za anyamata a Nyasaland pa nkhondo yachiwiri zimayamba ndi DN. Dzina likakana yesani kalembedwe kena, chotsani h, sinthani l kukhala r, yesani dzina la bambo lokha. Mukamupeza akuuzani tsiku lomwe anafa ndi komwe anaikidwa, kapena chipilala chomwe pali dzina lake ngati mtembo sunapezeke, monga Rangoon Memorial ku Myanmar kapena East Africa Memorial ku Nairobi. Tsiku lomwe tinapeza dzina loyamba tinali anthu anayi titaunjikana pa foni imodzi pansi pa mtengo wa mango pomwe pamagwira netiweki, palibe anayankhula kwa kanthawi ndithu.

Koma konzekani kuti ambiri simuwapeza, makamaka a nkhondo yoyamba. Bungwe lomweli linavomera lokha mu 2021 kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri mwa iwo a mu Africa muno, sanakumbukiridwe ndi maina awo ngati mmene anachitira ndi azungu. Ndiye kusapezeka pa kompyuta sikutanthauza kuti agogo akunama. Ngati muli ndi wachibale ku Zomba mutumeni akaone maina pa chipilala cha KAR chanjerwa zofiira chija pafupi ndi Cobbe Barracks, akafunsenso ku National Archives komweko. Kuno ku Lilongwe lembani kalata ku bungwe la asilikali opuma la VELOM, ndipo ngati m'dera lanu muli msilikali wopuma mukokereni mu komiti msangamsanga, amadziwa khomo loti agogode ku Kamuzu Barracks ndi mayankhulidwe ake, zomwe ife anthu wamba sitingazithe.

Lamulo lomwe ife tinaika ndi loti dzina lilowe ngati lili pa pepala lililonse, kapena ngati mabanja awiri osiyana alitchula mosauzana. Linatithandiza kwambiri pomwe ena anayamba kubweretsa maina a anthu oti anapita ku Joni kapena ku Salisbury kukagwira ntchito n'kukhala matchona.

Ndani alembedwe

Apa mukangana, ndikuuziranitu. Kwathu mkangano waukulu unali wa amtengatenga. Ena ankati chipilala ndi cha asilikali, munthu wosagwira mfuti alowa bwanji. Ine apa sindinagonje ndipo inunso musagonje. Pa nkhondo yoyamba dziko lino linapereka asilikali pafupifupi 19,000 koma amtengatenga anali pafupifupi 200,000, anthu ogwidwa m'midzi mokakamiza, kusenza mabokosi a zipolopolo ndi matumba a ufa pamutu mitunda yosaneneka, opanda nsapato, chakudya chochepa, ambiri anafera m'njira ndi kamwazi, malungo ndi njala n'kungosiyidwa pathengo. Kuchigawo chapakati kuno mabanja ambiri amene anataya munthu pa nkhondo imeneyo anataya mtengatenga osati msilikali wa yunifomu. John Chilembwe analemba kalata yake yodandaula mu Novembala 1914 akunena za anthu osauka ngati amenewa, ofera nkhondo yosakhala yawo n'kusiya akazi amasiye ndi ana. Mukawasiya kunja ndiye kuti mwachita zomwe anachita atsamunda zomwe zija. Alembeni, pambali pa dzina muike mawu oti mtengatenga, si mawu onyoza.

Nanga amene anabwerako amoyo n'kudzamwalira kumudzi? Ife tinagwirizana kuti pamwala pakhale okhawo anatsala kunkhondo, poti enawo manda awo alipo ndipo abale amakalambula. Koma maina awo timawawerenga pa tsiku la mwambo ndipo ali m'kope. Mabanja awiri anakhumudwa, tinapita ndi a mfumu kukakhala nawo pansi, zinatha.

Musaiwale kuti nkhondo sizinathere mu 1945. Alipo asilikali athu anafera ku Mozambique akulondera njanji ya ku Nacala kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ku DRC mu Novembala 2018 tinataya asilikali 6 kudera la Beni, mmodzi mwa iwo Chancy Chitete amene anawomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania ndipo United Nations inamupatsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne mu 2019 atamwalira kale. Mu Januwale 2025 enanso atatu anaphedwa pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za M23 ku DRC komweko. Ngati m'dera lanu muli banja lotere, pitani mwaulemu mukapemphe kaye, bala lawo ndi laliwisi, mayi wamasiye ndi ana alipo, osangolemba dzina la mwamuna wa munthu pamwala iye n'kudzamvera kwa ena. Akakana alemekezeni.

Malo ndi mafumu

Musanakumbe olo khasu limodzi pitani kwa a mfumu, iwo akutengereni kwa a gulupu, a gulupu akafikitse kwa Gogo Chalo. Osadumpha, mukadumpha mmodzi ntchito idzaima pakati popanda wokuuzani chifukwa. Nkhaniyo ikadutsenso ku makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC kuti khonsolo idziwe, ndipo malo akaperekedwa pakhale kalata ya chidindo yosainidwa ndi eni malo, chifukwa lero amalume avomera koma mawa mphwawo adzati mpamunda pathu. Ngati muli mkati mwa mzinda, kaya ku Kawale, Area 25 kapena Chinsapo, ndiye nkhani ya malo ndi ya khonsolo ya mzinda, pitani mukafunse musanagule kanthu.

Sankhani poti anthu amadutsa tsiku lililonse, pafupi ndi bwalo, sukulu kapena msika, osati kumanda. Kumanda kuli miyambo yake, sikupitidwa wamba, ana sangapiteko kukawerenga maina. Pabwalo la tchalitchi napo ine sindikulimbikitsa, chifukwa anthu anatsalawo ena anali a mpingo, ena achisilamu, ena a Gule, chipilala chikhale cha onse. Thawani m'mphepete mwenimweni mwa msewu waukulu, tsiku lokuza msewu adzagumula, thawaninso dothi la kudambo lomwe limang'aluka chilimwe.

Za ndalama ndinena mwachidule. Sonkhetsani nthawi yokolola, Juni mpaka Ogasiti anthu atagulitsa fodya, soya ndi mtedza, osati Januwale kapena Febuluwale pomwe m'nyumba mulibe ufa. Tsegulani gulu la pa WhatsApp la ana a m'mudzi amene ali m'tauni ndi ku Joni, nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ikhale imodzi yodziwika, msungichuma akhale mayi amene anthu amamukhulupirira, ndipo lisiti iliyonse ijambulidwe iponyedwe pagulupo tsiku lomwelo. Mitengo ya simenti ikusintha mwezi ndi mwezi nde ndalama ikangokwana thumba gulani thumba, osasunga makwacha. Andale abwera okha akamva. Simenti yawo landirani, muwathokoze pagulu, koma dzina lawo lisapite pamwala ndipo muwauziretu poyamba pomwe kuti pa tsikulo nsalu za chipani ayi.

Kumanga kwake

Sizifuna zambiri. Maziko akuya bwino a konkire, zitsulo pang'ono pakati, mabuloko a simenti kapena njerwa zootcha bwino, pulasitala, kenako kakhonde kozungulira koti anthu aziyalapo nkhata osaponda matope. Mmisiri wodziwa kumanga ziliza amatha. Chomwe anthu amanyozera ndi kuthirira, nthawi yake imakhala ya dzuwa la Okutobala lija ndipo konkire yosathiriridwa imang'aluka chaka chisanathe, ndiye gawanani masiku, m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu, mufunditse ndi masaka onyowa.

Maina asemedwe pa mwala wakuda uja amapangira ziliza. Osalemba ndi penti, mvula ziwiri yafufutika. Osaika chitsulo chonyezimira chamkuwa, akuba adzazula usiku umodzi kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Mwalawo ulowe mkati mwa khoma, pulasitala igwire m'mphepete monse, osati kungomanga ndi mabawuti.

Pomwe ife tinalira ndi apa. Tinatumiza maina kwa wosema pa WhatsApp, iye n'kukopera pamanja, dzina limodzi anasinthanitsa zilembo ziwiri ndipo tinazindikira mwala utafika kale pa ngolo. Mdzukulu wa malemuyo, bambo wachikulire ndithu, anangoyendetsa chala pa dzinalo n'kunena kuti "awa si agogo anga". Mwala sufufutika, tinasemetsa wina ndi ndalama yomwe inali ya chakudya cha pa mwambo. Ndiye inu tayipitsani maina pa kompyuta, sindikizani, banja lililonse lione dzina la munthu wawo lisainire kapena kudinda chala, wosema akupatseni chithunzi cha mmene aikire asanayambe kusema, muwerenge anthu atatu osiyana mokweza chilembo ndi chilembo. Ndipo siyani malo opanda kanthu m'munsi, maina ena adzatuluka chipilala chitaima kale, anthu akaona ndi maso m'pomwe amakumbuka.

Mawu apamwamba akhale a Chichewa ndipo akhale ochepa. Ife tinangolemba kuti awa ndi ana a mudzi uno amene anapita ku nkhondo osabwerera, kenako maina, nkhondo yake ndi chaka pomwe tikuchidziwa. Sanjani motsata zilembo osati maudindo, sajeni ndi mtengatenga atsatane.

Tsiku la mwambo

Nkhondo yoyamba inaleka ku Ulaya pa 11 Novembala 1918 nthawi ya 11 koloko m'mawa, n'chifukwa chake dziko limakumbukira Lamulungu lachiwiri la Novembala, ku Lilongwe, ku Zomba ndi ku Mzuzu. Inu mutha kuchita tsiku lomwelo, koma dziwani kuti asilikali ndi akuluakulu a boma amakhala atatanganidwa ku Area 18, komanso anthu amakhala ku tchalitchi, ndiye ife tinasankha Loweruka lotsatira ndipo zinatiyendera. Kalata zoitanira zipite mwezi wathunthu nthawi isanakwane. Novembala ndi wotentha komanso mvula yoyamba imatha kugwa nthawi iliyonse, pezani tenti olo imodzi ya nkhalamba, mipando, ndi ndowa za madzi akumwa. Yambani 10 koloko kuti 11 ikamakwana mukhale mwafika pa kukhala chete.

Pulogalamu isatalike. Pemphero, mawu a mfumu, kenako maina. Maina awerenge ndi adzukulu, aliyense la kwawo, pang'onopang'ono, atchule ndi mfunda womwe. Apa m'pomwe anthu amagwetsa misozi, musathamangitse kuti mupeze nthawi ya zoyankhula za alendo, bola kudula zoyankhulazo. Ikakwana 11 lipenga lilire nyimbo ija ya Last Post, kenako mphindi ziwiri zachete. Auzeni anthu poyambirira kuti mphindi ziwiri ndi zazitali, mafoni azimitse, ogulitsa mandasi ndi a kabaza aime kaye. Woimba lipenga mungamupeze kwa asilikali opuma kapena ku bandi ya mpingo, zikakanika dawunilodani pafoni dzulo lake muyese pa sipika, osadalira netiweki pa tsikulo.

Nkhata simukuyenera kukagula m'tauni. Nthawi imeneyi mitengo ija ya maluwa ofiira imakhala itachita maluwa ponseponse, amayi amapinda kanthambi kapena waya n'kumangirira maluwawo m'mawa womwewo, imakongola kuposa yapulasitiki. Timaluwa tofiira tapachifuwa tija, ma popi, timagulitsidwa masiku oyandikira mwambowu ndipo ndalama yake imathandiza asilikali okalamba, tumani wina wa m'tauni akagule tambiri. Wachibale akafuna kuvala mamendulo a agogo ake avale kudzanja lamanja la chifuwa, kumanzere n'kwa mwini wake amene anawalandira. Achinyamata muwauze asabwere atavala zamawangamawanga za pa kaunjika zija, asilikali amaletsa anthu wamba kuvala zofanana ndi yunifomu yawo ndipo pa mwambo wotere zimaoneka zachipongwe.

Zachisoni zikatha kubwere mganda. Gule ameneyu ndi wake wa tsikuli, mizere ija, kaguba kaja, zovala zoyera ndi mabaja olira ngati malipenga, zonsezi anthu anatengera ku perete wa asilikali nthawi ya nkhondo zomwezi, chimodzimodzi malipenga a ku Nkhata Bay ndi beni wa kwa Ayao. Musanayambe wina wachikulire afotokozere ana zimenezi, ambiri amavina osadziwa. Za Gule Wamkulu musagamule nokha a komiti, zisiyeni kwa mafumu ndi mabanja, ndipo ngati atuluke a mipingo adziwiretu nthawi yake kuti wofuna kuchoka achoke mwamtendere.

Mwambo ukatha musabalalike musanagwirizane kuti azisesa ndani. Ife tinapereka kwa sukulu ya pulayimale yapafupi, ana a Sitandade 7 amalambula kamodzi pamwezi ndipo aphunzitsi amawaphunzitsira pomwepo za nkhondo ziwirizi. Tinabzala mpanda wa minga kuti mbuzi zisamagonepo. Kope lija tinalifotokopa katatu, lina lili kwa a mfumu, lina kusukulu, lina ndili nalo ine, mawu a nkhalamba tinajambula aja tinawasunga pa mafoni a anthu atatu chifukwa awiri mwa omwe anatiuza maina anatisiya kale.

Chaka chino tikuonjezera maina awiri m'malo tinasiya aja. Limodzi anabwera nalo mayi wina wa mudzi woyandikana, kapepala kachikasu kopindidwa kanayi komwe kanakhala m'Baibulo la amayi ake zaka zonsezi, nambala ikuoneka bwinobwino. Wosema wati abwera ndi makina ake sabata yachiwiri ya Okutobala kudzasemera pompo, jenereta tapempha kale kwa mnyamata wa vidiyo pa msika, kwatsala mafuta.